Kanjira Kopita ku Mtima: Kuchokera ku Zürich Kufikira ku Doha

Munthu amene wamva kuthina pachifuwa pakati pa usiku mumzinda wa Doha, thukuta lili kamukamu, ululu ukutsikira ku dzanja lamanzere, anzake naimba 999 ndi kumukweza m'ambulansi, sadziwa kuti chimene chikamulanditse ku Heart Hospital chinayambira patebulo la m'khitchini ya munthu wina, kutali m'dziko lachisanu. Nthenda yake njodziwika: mitsempha yaing'ono yodyetsa mtima imamera mafuta m'kati, njira nichepa chaka ndi chaka, kufikira tsiku limene magazi aundana pamalo pothinapo ndi kutsekeratu, ndipo mnofu wa mtima, posowa chakudya chake, uyamba kufa.

Akale ankaopa mtima monga malo opatulika osafikako dzanja la munthu. Amene anaswa mwambowo ndiye Werner Forssmann, dokotala wachinyamata wa ku Germany, amene m'chaka cha 1929 ku Eberswalde anadzicheka yekha mtsempha wa pamkono, nalowetsamo kapaipi kufikira kumtima, nayenda ndi miyendo yake kukadzijambula pa X-ray. Akuluakulu ake anamuyesa wopenga, koma mu 1956 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards. Mu 1958 Mason Sones wa ku Cleveland anaona mitsempha ya mtima pachithunzi mwangozi, mankhwala ojambulira atalowa kumene sanafune, ndipo mu 1964 Charles Dotter anatsegula mtsempha wa m'mwendo wa mayi wina wokalamba amene anakana kudulidwa mwendo.

Koma mwini nkhaniyi ndi Andreas Grüntzig. Iyeyu, poona kuti kukankha mapaipi okulirakulira, monga ankachitira Dotter, kumang'amba mtsempha, anaganiza zoika kabaluni kunsonga ya kapaipi, kuti kalowe kali kophwa, kakafufume pamalo pothina pokhapo. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, madzulo ankakhala m'khitchini mwake ku Zürich pamodzi ndi mkazi wake, womuthandiza ntchito Maria Schlumpf ndi mwamuna wa mayiyo, akuumba tibaluni ndi manja, kuyesa ndi kutaya, kuyesanso. Pa 16 September 1977 anafufumitsa kabaluni m'mtsempha wa mtima wa bambo wa zaka 38, msinkhu wofanana ndi wa dokotala mwini wake, wodwalayo ali maso, chifuwa chosang'ambidwa. Grüntzig sanadye zipatso za munda wake nthawi yaitali, pakuti anafa pangozi ya ndege ku Georgia, ku America, mu October 1985, asanaone chimene chinadza chaka chotsatira, pamene Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anayamba kusiya m'mtsempha kachitsulo kolukidwa ngati ukonde, kotchedwa stent, kochirikiza khoma kuti lisagwere m'kati. Chinali chofunikadi, chifukwa mwa odwala atatu ochizidwa ndi baluni yokha, pafupifupi mmodzi ankabwerera mtsempha utathinanso. Kuyambira 2002 kunabwera ma stent opakidwa mankhwala oletsa chipsera kukula, ndipo chithandizo chonsechi ndicho chimene madokotala amachitcha angioplasty.

Pamene zonsezi zinkachitika, Doha anali kusanduka kuchoka pa mudzi wa asodzi ndi osambira kufuna ngale kukhala mzinda wa chuma cha mafuta ndi gasi. Chipatala cha Rumailah chinatsegulidwa mu 1957, cha Hamad General mu 1982, ndipo Dr Hajar Ahmed Hajar, amene pambuyo pake anadzakhala nduna ya zaumoyo, ndiye anaika maziko a ntchito yochiza mtima m'dzikolo. Chuma sichidza chokha: chinabwera ndi matenda a shuga, kunenepa, fodya ndi kukhala pansi tsiku lonse, kotero kuti pofika 2011 bungwe la Hamad Medical Corporation linatsegula chipatala cha mtima wokhawokha. Kwa ine, chodabwitsa cha Doha si kabaluni, pakuti kameneko kamagulidwa ndi aliyense wokhala ndi ndalama, koma dongosolo: a m'ambulansi amajambula kagundidwe ka mtima ali panjira ndi kutumiza chithunzicho patsogolo, kuti wodwala akafika apeze gulu litasamba kale m'manja, cholinga chili chakuti mtsempha utseguke pasanathe mphindi 90. Kwathu, kumene odwala mtima ambiri amadikira dzina lawo pa mndandanda wa opita ku India, mphindi zoterezi zimamveka ngati nthano.

Ambiri mwa ogona pa mabedi a chipatalachi si eni nthaka, koma alendo a ntchito ochokera ku India, Nepal, Bangladesh ndi Pakistan, ena a iwo imvi zisanamere. Dokotala amabaya mtsempha wa pamkono pafupi ndi chikhatho, njira imene Ferdinand Kiemeneij wa ku Amsterdam anaitchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nakankha kawaya kopyapyala ngati tsitsi, maso ali pa sikirini. Kabaluni kakafufuma kwa masekondi owerengeka, pamene panali pouma pamaoneka kamtsinje kakuda kakuyendanso. Patapita masiku ochepa wodwalayo amatuluka ali ndi kabala kakang'ono pamkono ndi phukusi la mapiritsi, aspirin ndi mnzake woletsa magazi kuundana, amene wauzidwa kuti asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo asanafike pachipata ali kale pafoni, kuuza akumudzi tsiku limene abwerere kuntchito.