Mbiri ya Inkosi Theresa Kachindamoto, Mfumu Yaikulu ya ku Mtakataka

Pa tsiku la 13 Ogasiti 2025, dziko lonse la kunsi kwa phiri, kuyambira ku Golomoti kudzafika ku Mua ndi ku Mtakataka, linagwidwa ndi chisoni pakumva kuti Inkosi Theresa Kachindamoto amwalira. Anali ndi zaka 66, ndipo anali atakhala pampando wa makolo ao zaka 22. Nkoyenera kuti mbiri yao ilembedwe m'lipoti lino, kuti mamembala a Bungwe, makamaka iwo amene ali kutali pa ntchito, adziwe kumene ufumu umenewu unachokera, chimene mayi ameneyu anachita nao, ndi katundu amene wasiyidwa m'manja mwa otsala.

Chiyambi cha ufumu wa Kachindamoto chili kumtunda, pakati pa Angoni a kwa Maseko amene anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Mputa atamwalira, mbale wake Chidyaonga ndiye anasunga anthu. Chidyaonga atapita nayenso, ufumu unabwerera kwa Chikuse mwana wa Mputa, koma Chifisi mwana wa Chidyaonga sanakondwere nazo, napatuka ndi anthu ake. Onse awiri anamwalira m'chaka cha 1891, koma udani sunalowe nao m'manda, pakuti Gomani ndi Kachindamoto, amene analowa m'malo mwao, anapitiriza nkhondoyo. Potsiriza pake anthu a Kachindamoto anatsika phiri nadzamanga m'chigwa cha kunyanja, pakati pa Achewa amene anawapeza pamenepo. Ndicho chifukwa chake kufikira lero dziko limeneli lili ndi miyambo iwiri yoyendera limodzi, ngoma ya Angoni ndi gule wamkulu wa Achewa.

Kachindamoto woyamba atamwalira mu 1899, wolowa m'malo anali akali mwana, ndipo mayi wina wa kubanja lachifumu, dzina lake Nyathei, ndiye anagwirizira mpando kwa zaka zambiri. Ansembe a chipani cha White Fathers pofika ku Mua mu 1902 anapeza dziko lili m'manja mwa mayi ameneyu. Misiyoni ya Mtakataka inatsegulidwa mu 1908, ndipo chipatala cha akhate cha ku Mua chinayamba mu 1927. Sukulu za misiyoni zinabala zipatso msanga, pakuti Cornelius Chitsulo, mwana wa dera lomweli, anadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa Amalawi onse a mpingo wa Chikatolika, nadzozedwanso uepiskopi mu 1957 kuti aweruze mpingo wa Dedza. Tsono zinthu ziwiri zimene zinadzaoneka m'masiku a Inkosi Theresa, ndizo mkazi pampando ndi kulemekeza sukulu, sizinali zachilendo konse kwa Kachindamoto.

Theresa Kachindamoto anabadwa mu 1958, chitsirizira m'banja la ana 12. Popeza anali wamng'ono wa onse, sanaganizepo kuti ufumu ungadzamugwere. Anapita ku Zomba, nagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina kumeneko zaka 27, nakwatiwa, nalera ana asanu. M'chaka cha 2003 akuluakulu a ufumu anamuitana kuti abwere kwao adzalowe ufumu, poona kuti anali munthu wodziwa kukhala ndi anthu. Iye anamvera, nasiya nyumba ya m'tauni ndi malipiro a pamwezi.

Atavala zachifumu, Inkosi anayamba kuyendera midzi yao, ndipo zimene anaziona zinawasowetsa tulo. Anapeza ana aakazi a zaka 12 ndi 13 atabereka makanda kumbuyo, osati a amayi ao koma aoao, amuna ao nkukhalanso anyamata osamera ndevu. Vuto limeneli silinali la kunyanja kokha. Kafukufuku wa Boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 kufikira 24, okwana 42 anali atakwatiwa asanafike zaka 18. Magwero ake anali odziwika: umphawi umene umachititsa kholo kuona mwana wamkazi ngati pakamwa powonjezera, chuma cholandira pa ukwati, kutalika kwa sukulu, ndi malangizo ena a kutsimba amene anali kuuza kamtsikana kuti tsopano kakula.

Inkosi Kachindamoto sanali loya, ndipo sanaphunzire malamulo m'sukulu ina iliyonse. Koma mfumu ndi woweruza kuyambira kale, ndipo ngakhale Boma la Atsamunda linavomereza zimenezi pamene linapatsa mafumu mabwalo ao a milandu mu 1933. Poyamba anayesa njira ya kukambirana, nakhala pansi ndi makolo, anamkungwi ndi nyakwawa. Ambiri anakana, nanena kuti mwambo wa makolo suthetsedwa ndi munthu mmodzi, ndiponso kuti mayi wobala ana aamuna okhaokha sangalangize anzake za kaleredwe ka atsikana. Ataona kuti mau okha sakupindula, anatembenukira ku lamulo. Anasonkhanitsa mafumu ao aang'ono okwana 50, nawasainitsa pangano lakuti ukwati wa ana uthe m'midzi yao, ndi kuti maukwati otere amene analipo kale amasulidwe. Analetsanso mwambo wa kusasa fumbi, umene unali kukakamiza namwali kudziwana ndi mwamuna atangotuluka m'tsimba.

Pangano lolembedwa silichedwa kuiwalika ngati palibe wolilondola, ndipo mafumu ena anayesa kuti nkhaniyo yathera papepala. Anayi a iwo anapitiriza kuloleza maukwati a ana m'midzi yao. Inkosi anawaimitsa pa ufumu, ndipo anawabwezera mipando yao pokhapokha atatsimikiza kuti maukwatiwo atha ndi kuti anawo abwerera ku sukulu. Chiweruzo chimenechi chinamveka dziko lonse la kunyanja, pakuti chinaonetsa kuti lamulolo likhudza mkulu ndi wamng'ono yemwe. Mu 2015 anamasula maukwati 330 nthawi imodzi, ndipo pofika mu 2016 chiwerengero chinali chitapitirira 850. M'zaka zotsatira chinafika m'zikwi.

Kumasula ukwati ndi chiyambi chabe cha mlandu, popeza mwana wobwezedwa kwa makolo osauka amafuna chakudya, yunifolomu ndi fizi. Maphunziro a pulaimale anakhala aulere kuyambira mu 1994, ndipo kuyambira mu 1993 Boma linalola kuti mtsikana amene wabereka abwerere m'kalasi, koma m'masiku a ufumu wao sekondale inali yolipira. Kawirikawiri Inkosi anali kulipira fizi ndi ndalama za m'thumba mwao, kapena kufunafuna akufuna kwabwino oti athandize. Anakhazikitsa amayi ndi abambo m'midzi oti aziyang'anira mwakachetechete ngati mwana wachotsedwa pa sukulu, nagwirizana ndi magulu a amayi a pasukulu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo. Anaitananso aphungu aakazi a ku Nyumba ya Malamulo kuti adzayankhule ndi ana asukulu, kuti atsikana aone ndi maso kumene maphunziro angafikitse mkazi. Chifukwa cha zonsezi analandira mau oopseza moyo wao, koma sanabwerere m'mbuyo.

Zimene zinali kuchitika ku Mtakataka zinathandiza kutsegula maso a dziko lonse. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa. Komabe panatsala mpata, pakuti malamulo aakulu a dziko anali kulola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomereza. Mpata umenewu unatsekedwa mu Febuluwale 2017, pamene aphungu anasintha ndime imeneyo. Mbiri ya Inkosi inaolokanso nyanja, ndipo mu 2024 masukulu awiri a ukachenjede a Chikatolika a ku Belgium, KU Leuven ndi UCLouvain, anawapatsa digiri yaulemu.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo moyo wa mfumu imeneyi unali kumasulira kwa mwambi womwewo. Koma mamembala asadzinyenge kuti ntchito yatha. Lamulo lilipo, koma njala ikalowa m'mudzi, madzi akasefukira m'chigwa cha Bwanje kapena usodzi ukavuta panyanja, kholo limayesedwanso kupereka mwana wake msanga, ndipo maukwati otere amachitika usiku, popanda mfumu kudziwa. Kale anthu anali kuopa kuti mbiri ikafika ku likulu ku Mtakataka. Tsopano mwini kuopedwayo wagona, ndipo chimene chidzaonetse ngati pangano la mafumu 50 lija linali la dziko lonse kapena la munthu mmodzi ndi machitidwe a otsalawo.

Chotero membala aliyense ali ndi gawo lake. Amene ali pa ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni akumbukire fizi ya mphwake asanakumbukire zina. Amene ali kumudzi asakhale chete poona mwana wa mnansi akutengedwa, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ankhoswe akane kuimira ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale wowapemphayo akhale mbale wao weniweni. Kuteroko ndiko kulemekeza Inkosi Theresa Kachindamoto koposa chipilala cha pamanda. Mzimu wao uuse mumtendere.