Castolo Anapita Kuti? Mbiri ya PES

Funsani aliyense wa ku Chiparamba kapena ku Kapata amene anakulira m'kanyumba ka magemu, kaja ka TV imodzi, benchi ndi PlayStation 2 yafumbi, kuti Castolo ndani. Amwetulira kaye asanayankhe. Castolo sanapondepo bwalo lenileni. Anali wosewera wopeka wa mu Master League, mmene unkapatsidwa timu yosauka, ya iyeyo, Minanda ndi goloboyi Ivarov, kuti uikweze wekha mpaka itenge chikho.

Gemuyi ndi ya kampani ya Konami ya ku Japan. Inayamba mu 1995 ndi dzina la Winning Eleven, ndipo mu 2001 ku Ulaya inayamba kutchedwa Pro Evolution Soccer, ife n'kungoti PES. Zaka zambiri inalibe chilolezo cha mayina a matimu a ku England, moti Manchester United inkalembedwa Man Red, Liverpool n'kukhala Merseyside Red. Ndani ankadandaula? Mpira wake unkamveka m'zala. PES 6 ya mu 2006 ndi imene akuluakulu a lero amaikumbuka ngati nsima ya kwa amayi, ndipo malaiti akathima pakati pa gemu, mkangano wa amene amatsogola unkafika mpaka kunyumba.

Zinthu zinayamba kupendekeka mu 2015, pomwe Konami inanena poyera kuti maso ake ali pa magemu a pafoni. Chaka chomwecho inathetsa gemu ya Silent Hills ndipo Hideo Kojima, mwini nzeru za Metal Gear, anachoka. Mu 2018 chilolezo cha UEFA Champions League chinapita kwa opikisana nawo, EA, omwe ankapanga FIFA. PES 2021 inali gemu yomweyo ya chaka cham'mbuyo, yongosintha mayina ndi mayunifomu.

Kenako pa 30 September 2021 kunabwera eFootball, yaulere, dzina la PES litafufutidwa. Nkhope za osewera zinali zopindika, matimu ochepa, Master League mulibe. Pa sitolo ya magemu ya Steam anthu anaipatsa mbiri yoipa kuposa magemu ena onse panthawiyo, mpaka Konami inapepesa.

Kodi akuluakulu a kampaniyi anaitaya gemu yawo? Ine ndimaona kuti sanataye mpira, anangosankha wina woti azimusangalatsa. Ana a ku Chipata lero akuisewera eFootball pafoni, bandulo ya MTN kapena Airtel ikalola, ndipo ndalama za Konami zikuchokera kwa ogula makoini kuti apeze osewera otchuka. Amene anasiyidwa ndi anyamata awiri aja a pabenchi, opanda intaneti, olipira gemu imodzi, woluza n'kupereka padi kwa wotsatira. N'chifukwa chake PS2 yakale ikadali ndi ntchito: pali okonda gemuyi amene amasintha okha PES yakale, n'kuikamo Haaland ndi Patson Daka, kampani isakudziwa n'komwe.