Pemphero la M'mawa m'Sukulu za ku Nkhata Bay

Munthu akaima pa msika wa Nkhata Bay m'mamawa, pamene asodzi alikutsitsa usipa m'mabwato, aona ana a sukulu alikupita pamodzi: ena a mpingo wa CCAP, ena Akatolika, ena Asilamu, ena a Mboni za Yehova. Belu likalira, onsewo aima pa bwalo limodzi kuti apemphere. Kodi mwambo umenewu unacokera kuti?

M'dziko la Atonga sukulu inabadwira m'nyumba ya Mulungu. M'caka ca 1881 Dr Robert Laws anasamutsa misyoni ya Livingstonia kucokera ku Cape Maclear, naikhazika ku Bandawe, kummwera kwa msikawu. Mphunzitsi wa masiku aja anali mlaliki yemwe. Mwana anaphunzira zilembo kuti akawerenge Mau a Mulungu, ndipo wofuna ubatizo anayamba wakhala m'kalasi zaka zingapo. Njira imeneyi siinakomere onse. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira pa misyoni yomweyo, anabwera ndi ciphunzitso ca Watch Tower m'caka ca 1908, nabatiza anthu zikwi zambiri, kufikira Boma linamgwira m'caka ca 1909.

Boma linalowa m'nchito ya sukulu mocedwa. M'caka ca 1907 linapatsa amisyoni £1,000, ndipo Dipatimenti ya Maphunziro inayamba m'caka ca 1926. Ndalamazo zinali za msonkho wa anthu onse, koma pemphero linatsala la mwini sukulu. Cifukwa cace makolo ambiri Acisilamu anakaniza ana ao kupita kusukulu, poopa kuti angatembenuke.

Maiko ena anadula mlanduwu mwa lamulo. Ku America bwalo lalikuru la milandu linaletsa, m'caka ca 1962, pemphero lolembedwa ndi Boma m'sukulu zace. Malawi sanatsate njira imeneyo. M'caka ca 2000 Boma linafuna kucotsa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale, ndi kuikapo la zipembedzo zonse. Koma mipingo inakana, ndipo maphunziro onse awiri analoledwa. Cinkana ziri tero, gawo 33 la malamulo akulu a dziko, a caka ca 1994, lipatsa munthu ali yense ufulu wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo, ndipo mwana wa sukulu sanapatulidwe pa ufuluwo.

Motero mphunzitsi watsopano alandira colowa ca mbali ziwiri: mwambo wa ku Bandawe, ndi lamulo la 1994. Atsogolere pemphero ngati sukulu yace itero. Koma mwana woima cete asamlange, kapena kumcititsa manyazi pamaso pa anzace. Pakuti atate wace, wogulitsa nsomba pamsika paja, nayenso aponyako ku msonkho umene mphunzitsi alandirako malipiro ace.