Alendo a Makope: Zimene a ku Yunivesite Analemba za Ife

Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Dziko lathu lino la Angónia ndi midzi ya m'malire zalandirapo alendo a mtundu wina, obwera ndi kope ndi pensulo. Amakhala pamphasa n'kumafunsa: munda uwu anakupatsani ndani? Mwana akadwala mumayamba mwapita kuti? Inu atsogoleri a sukulu za kwacha, n'kofunika mudziwe kumene mayankho a makolo athu anakathera.

Tiyambe ndi mayi Margaret Read wa ku England, amene anaphunzira ku London School of Economics. M'zaka za m'ma 1930 anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland, kuphatikizapo a Inkosi Gomani ku Ntcheu. Amenewo ndi abale athu enieni, pakuti Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, ndipo malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anangodula mtundu umodzi pakati. Mayiyu anafufuza za chakudya, kaleredwe ka ana ndiponso amuna opita ku Joni ndi ku Halale. Mu 1942 analemba kuti midzi ya Angoni, kumene mkazi amakhala kuchimuna, inkapirira bwino amuna akachoka kusiyana ndi midzi ya chikamwini. Kodi agogo a kwanu angavomereze zimenezi? Kawafunseni. Buku lake lalikulu lonena za Angoni linatuluka mu 1956, ndipo mu 1966 analembanso lina lophunzitsa a zachipatala kuti asanyoze zimene anthu amakhulupirira pa za matenda, chifukwa munthu samvera malangizo a yemwe akumuyesa mbuli.

Ufulu utabwera mu 1975, minda ikuluikulu ya atsamunda inasanduka kampani ya boma yotchedwa CAIA. Boma linkafuna kuti anthu alime pamodzi m'makoperativa. Pamenepo akafukufuku a Centro de Estudos Africanos, ya ku Universidade Eduardo Mondlane, anabwera kudzaona momwe mabanja a alimi a kuno ankakhalira, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1983. Mtsogoleri wa kafukufuku pamalopo, mayi Ruth First wa ku South Africa, sanalione lipotilo. Anaphedwa pa 17 Ogasiti 1982 mu ofesi yake ku Maputo ndi bomba limene boma la tsankho linamutumizira m'phukusi la kalata.

Kenaka nkhondo inatimwaza. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu 1992 kunafika Harri Englund wa ku Finland, wophunzira wa ku yunivesite ya Manchester. Anaphunzira chinenero chathu n'kukhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia, ndipo anaona anthu akubwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992. M'buku lake la 2002, From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland, anaonetsa kuti nkhondo siinalowe m'midzi ngati m'nyumba yopanda anthu. Inapeza maubale ndi mikangano yakale ya ufumu ndi malo, ndipo zimenezi zinkathandiza kukokera munthu ku Frelimo kapena ku Renamo. Ngakhale kulandiridwa ku Malawi kunkadalira kwambiri chibale ndi maukwati a mbali zonse ziwiri.

Mu 2009 Universidade Zambeze inayamba ntchito, ndipo gawo lake la zaulimi linaikidwa ku Ulongwe konkuno. Wofunsa mafunso uja tsopano akhoza kukhala mwana wa m'mudzi mwathu.

Koma taonani vuto. Mabuku onsewa ali m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo ambiri mwa amene anayankha mafunso aja anamwalira osamva zimene zinalembedwa. Komanso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amaona chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene gogo wa m'kalasi mwanu anaona chibalo, ufulu, kuthawa ndi kubwerera.

Tsono ntchito ili kwa inu. Pa phunziro la kulemba, m'malo mongokopera mawu a pabolodi, wophunzira aliyense alembe mizere isanu: chaka chimene anathawa, kumene anakhala, matenda amene anavuta kumeneko, ndi chimene anapeza pa bwinja lake pobwerera. Yambani mwapempha chilolezo kwa wonenayo, ndipo musalembe maina a anthu pa nkhani za magazi, pakuti zilonda zina sizinapole. Makopewo asungidwe pouma, kutali ndi chiswe. Ndipo mlendo wina wa kope akadzafika, mulandireni bwino, koma mumupemphe pamaso pa anyakwawa kuti adzabwere kudzatiwerengera m'Chinyanja zimene wapeza.