Mankhwala a kontrasiti pounika m'mimba: cifukwa cake madokotala amawacepetsa

Ife a ku Chibolya tikadwala m'mimba, ambili timayambila ku cipatala ca Kanyama. Matenda akafuna kuunikidwa mozama, amatitumiza ku zipatala zazikulu monga UTH, Levy Mwanawasa kapena Cancer Diseases Hospital kukacita sikani ya CT. Kumeneko nthawi zambili amatibaya mu mtsempha mankhwala amadzi ochedwa kontrasiti.

Mankhwalawa ali ndi ayodini, amene amatsekeleza ma X-ray. Akayenda ndi magazi, mitsempha, ciwindi, impso ndi zotupa zimaoneka bwino pa cithunzi. Munthu wamkulu amalandila pafupifupi mamililita 100. Ambili amamva kutentha m'thupi ndi kukoma kwa citsulo m'kamwa, koma zimatha m'mphindi zocepa. Kenako impso zimatulutsa mankhwalawo mu mkodzo, ambili mkati mwa maola 24.

Cifukwa cacikulu cowacepetsela ndi impso. Impso zabwino sizivutika nawo, koma zofooka kwambili zikhoza kuvulala, makamaka ngati thupi latha madzi cifukwa ca kutsegula m'mimba kapena kusanza. Cacinanso, mankhwalawa amacokela kunja ndipo ndi odula. Mu 2022, fakitale ya GE Healthcare ku Shanghai itatsekedwa cifukwa ca Covid-19, anasowa m'zipatala zambili, makamaka ku America. Madokotala anakakamizika kuwasunga, ndipo njila zocepetsela zinafala.

Njila yoyamba ndi kupima mlingo malinga ndi kulemela kwa wodwala, kuti munthu wa makilogilamu 50 asalandile zofanana ndi wa makilogilamu 90. Yaciwili ndi kutsitsa mphamvu ya makina kucoka pa makilovoti 120 kufika pa 100 kapena 80. Pamenepo ayodini amawala kwambili, ndipo wocepa amakwana, makamaka kwa anthu ocepa thupi. Yacitatu ndi kusawagwilitsa nchito ngati safunika. Miyala ya mu impso imaoneka pa CT popanda kontrasiti, ndipo miyala ya mu ndulu imaoneka pa sikani ya ultrasound.

Kuti dokotala asankhe bwino, tizimuuza ngati:
- tili ndi matenda a impso, a shuga kapena BP;
- timamwa metformin, amene nthawi zina amaimitsidwa kwa maola 48, kapena ma ARV okhala ndi tenofovir;
- tinatupapo, kutuluka zidzolo kapena kubanika titabayidwa kontrasiti;
- tili ndi pakati;
- takhala tikutsegula m'mimba masiku apitawa, kapena tikumwa mankhwala azitsamba.

Angatipime magazi kuti aone creatinine, amene amaonetsa mmene impso zikugwilila nchito. Tisasiye tokha mankhwala alionse.

Conco tikamva kuti atibaya ocepa kapena satibaya n'komwe, tisaganize kuti atimana. Komanso akanena kuti kontrasiti ikufunika, tisakane cifukwa ca mantha, pakuti cotupa cosaoneka lelo cimavuta kuciza mawa. Tikapelekeza odwala athu, makamaka okalamba, tinyamule makhadi awo a kucipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa.