Kathumba ka Meckel: akachotse kapena akasiye?

Pafupifupi anthu 2 mwa 100 alionse amabadwa ndi kathumba kakang'ono m'mbali mwa matumbo aang'ono, ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa. Nthawi zambiri dokotala amangokapeza mwangozi atatsegula m'mimba pa vuto lina, monga apendikisi. Mkangano umayambira pomwepo: kathumbako sikakudwala, ndiye akadule kapena akasiye?

Woyamba kukalemba m'mabuku anali Fabricius Hildanus mu 1598, koma dzina linapita kwa Johann Friedrich Meckel wa ku Halle, Germany. Mu 1809 iye anafotokoza chiyambi chake: ndi chotsalira cha kanjira kamene kamachoka m'matumbo kudzera pamchombo mwana akangoyamba kuumbika m'mimba, kamene kamayenera kufota pathupi pasanafike miyezi itatu. Choopsa n'chakuti mwa ena kathumbako kamakhala ndi minofu yonga ya chifu, yotulutsa asidi. Asidiyo amasupula matumbo, mwana n'kumachita chimbudzi cha magazi. Kangathenso kutupa kapena kutseka matumbo.

Poopa zimenezi, madokotala ambiri ankangokadula akakapeza. Mu 1976 Soltero ndi Bill a ku Seattle anatsutsa. Anawerengetsa kuti kamavutitsa anthu 4 okha mwa 100 amene ali nako, ndipo kuti apulumutse moyo umodzi, madokotala angafunike kudula timatumba pafupifupi 800 tabwinobwino. Kudula nako si masewera: posokapo pangadonthe, bala lingaole.

A ku chipatala cha Mayo Clinic sanagonje. Mu 1994 Cullen ndi anzake anati chiopsezo n'choposa 6 mwa 100, choncho kadulidwe. Mu 2005 chipatala chomwecho, chitaunika odwala 1,476, chinafewetsako mawu. Chinati poganiza zodula dokotala aone zinthu zinayi: wodwala wamwamuna, wosakwana zaka 50, kathumba kotalika kuposa masentimita 2, kapena kokhala ndi minofu yachilendo. Mu 2008 Zani ndi anzake anabwereranso kwa Soltero, nati kasiyidwe.

Ine ndikuona kuti a 2005 ndiwo anayandikira nzeru, chifukwa anasiya kufunira aliyense lamulo limodzi. Mnyamata wa zaka 10 ali ndi moyo wautali woti kathumbako kadzamuvutitse. Agogo a zaka 70 amene akhala nako mwamtendere palibe chifukwa chowaonjezera bala.