Mpando wa Woyang'anira Masukulu a ku Chicago

Mwezi uno tifuna kufotokozera awerengi athu mlandu umene unagwedeza mzinda wa Chicago, m'dziko la America, kuyambira 1963 kufikira 1966. Mlanduwo unali wa mpando wa munthu mmodzi, ndiye woyang'anira wamkuru wa masukulu onse a mzindawo. Ndipo funso lace linali lakuti, mtsogoleri akatayana ndi anthu, womcotsa ndani, ndi wosankha wolowa m'malo mwace ndani?

Benjamin Willis analowa nchito imeneyi caka ca 1953, pocokera ku Buffalo. Anali munthu wacangu, namanga masukulu atsopano ambiri, kotero kuti eni malonda a mzindawo anamtama ndithu. Koma masiku omwewo anthu akuda analikufika ambirimbiri kucokera ku zigawo za kumwera kwa dziko. Ndipo popeza Azungu anawakaniza nyumba kwina, anapanikizana m'madera a kumwera ndi a kumadzulo kwa mzinda. Masukulu ao anadzala, kufikira kuti ana ena anaphunzira m'mawa mokha, ena masana okha, cikhalireco m'masukulu ena a Azungu munali mipando yopanda wokhalapo.

Makolo anapempha kuti ana ao aloledwe kukakhala pa mipando ija. Willis anakana, pakuti anaumirira kuti mwana ali yense aphunzire pa sukulu ya kufupi ndi kwao. Ndipo m'December 1961 bungwe la masukulu linabvomera kugula tinyumba ta citsulo tokokedwa ngati ngolo, 150 kapena kuposa, ndi kutiimika pa mabwalo a masukulu odzalawo. Anthu anatica "Willis Wagons", ndiko kunena ngolo za Willis. Pakuti anazindikira kuti tinyumbato tinabwera kudzatsekereza ana ao kumene anali.

M'October 1963 bungwe lija ndi bwalo la milandu anauza Willis kuti alole ana owerengeka okhoza bwino asamukire ku masukulu ena. Iye posafuna kugonja, anatula pansi nchito. Anthu akuda anayesa kuti kwaca. Koma eni malonda ndi makolo ambiri a Cizungu anamdandaulira, bungwe linakana kalata wace, ndipo anabwerera pa mpando wamphamvu koposa kale. Apa tiyenera kudziwa kuti a m'bungwelo sanasankhidwa ndi makolo ai. Anawaika ndi mkuru wa mzinda, Richard J. Daley. Cifukwa cace maso ao anapenya kwa iye, si kwa eni ana.

Tsono makolo, pokhala opanda liu m'bungwe, analankhula ndi mapazi a ana ao. Pa 22 October 1963 ana oposa 200,000 sanapite kusukulu, ndipo ana ambiri anateronso m'February 1964. Ngakhale zinatero, m'May 1965 bungwe linamlembanso Willis nchito, pomvana kuti adzapuma akakwanitsa zaka 65. Pamenepo mphunzitsi Al Raby anatsogolera makamu m'makwalala masiku ambiri, naitana mbusa Martin Luther King, amene anadzayenda nao m'July 1965. Potsiriza Willis anacoka m'August 1966, itatsala miyezi yowerengeka kuti nthawi yace ikwane.

Wolowa m'malo mwace anali James Redmond, amene kale anayang'anira masukulu a ku New Orleans. Anali wofatsa ndi womvera, ndipo m'1967 anakonza njira yosanganizira ana a mitundu yonse. Koma akuru anati, walira mvula walira matope. Pamene anayesa njirayo m'1968, makamu a Azungu anamuukira, ndipo ana amene ananyamulidwa pa basi kunka ku masukulu ena sanakwane 600. Munthu wa pa mpando anasintha, koma osankha anali omwe aja, ndi malire a madera anali omwe aja.

Panapita zaka 15 cicokere Willis kuti munthu wakuda alandire mpandowo, ndiye Ruth Love wocokera ku Oakland, m'1981. Ngakhale apo mtendere sunadze msanga. Pakuti ambiri a anthu akuda anafuna mwana wa pakhomo, Manford Byrd, amene anatumikira zaka zambiri monga waciwiri, ndipo anawawidwa mtima poona kuti mlendo wampitirira. Byrd analowa m'1985. Kumeneko tiona kuti khungu la mtsogoleri silithetsa mlandu wa kusankha.

Cosintha ceniceni cinadza ndi lamulo la 1988. Sukulu ili yonse inalandira kabungwe kace kosankhidwa ndi anthu, ka makolo 6, anansi a sukulu 2, aphunzitsi 2 ndi mphunzitsi wamkuru. Ndipo kabungweko kanapatsidwa mphamvu yolemba mphunzitsi wamkuru ndi kumcotsa. Lamulo la 1995 linapereka ulamuliro wa pamwamba m'manja mwa mkuru wa mzinda. Koma m'November 2024 anthu a ku Chicago, kwa nthawi yoyamba, anadzisankhira okha 10 mwa anthu 21 a m'bungwe lalikuru la masukulu, zitapita zaka 61 cicitikire tsiku lija ana anakhala pakhomo.

Sitinena kuti Willis anali wopanda zabwino. Nyumba zace zinatumikira ana ambiri. Colakwa cace cinali cakuti anayesa masukulu ngati munda wace, ndipo colakwa ca bungwe cinali cakuti linaopa wolipatsa mpando koposa eni ana. Cifukwa cace, abale, ife amene tikhala m'mabungwe a sukulu kapena a mpingo, pamene tisankha wolowa m'malo, tisayambe ndi kufunsa dzina la munthu. Tiyambe ndi kufunsa ngati atate ndi amai a ana ali nao mau pa kusankhako. Pakuti mutu umodzi susenza denga.